Dothi lakuya chikhatho chimodzi limene lanyamula ziweto za Lesotho

Munthu atakwera mapiri a ku Mokhotlong, kum'mawa kwa Lesotho, n'kutema khasu pamalo otsetsereka pamene nkhosa zikudya, angadabwe kawiri. Choyamba ndi maonekedwe a dothilo: lakuda bii, lofewa, loti mlimi aliyense angalakelake litakhala m'dimba mwake. Chachiwiri ndi kulira kwa khasulo, chifukwa lisanalowe n'komwe chikhatho chimodzi kapena ziwiri, lagunda kale thanthwe. Akafukula ndi dzanja apeza kuti kadothi kochepako n'kosakanikirana ndi timiyala tosongoka, ndipo chimene chakamanga pamodzi ndi mizu ya udzu yolukanalukana ngati mkeka.

Akatswiri a nthaka ali ndi dzina la dothi lotere. Amati Leptosol, ndipo muyeso wawo ndi wakuti thanthwe lipezeke pasanathe masentimita 25 kuchokera pamwamba. Mwa magulu onse a dothi, ili ndilo lofala kwambiri padziko lapansi, koma silitchulidwa kawirikawiri chifukwa salimapo chimanga. Ku Lesotho kulinyalanyaza n'kosatheka. Malo olimika m'dziko limeneli ndi pafupifupi gawo limodzi lokha mwa magawo khumi. Kwina konseko ndi mapiri ndi msipu, ndipo nkhosa, mbuzi, ng'ombe ndi akavalo a anthu oposa 2 miliyoni zimadya pa dothi lopyapyala limeneli.

Kuti timvetse dothili tiyenera kuyambira pa mwala umene uli pansi pake. Zaka pafupifupi 183 miliyoni zapitazo, pamene Africa inali isanalekane ndi Antarctica ndi South America, nthaka ya kum'mwera kuno inang'ambika ming'alu italiitali, ndipo m'ming'alumo munkatuluka chiphalaphala cha moto. Sikunali phiri limodzi lophulika ngati amene timaona pa zithunzi. Chiphalaphalacho chinkangosefukira n'kuyala see ngati phala lotayika pansi, n'kuzizira, kenako china n'kubwera pamwamba pake. Zinachitika mobwerezabwereza mpaka mulu wa mwala wakuda wotchedwa basalt unakwera kuposa mamita 1,400 m'malo ena. Amene anafikako ku mathithi a Mosi-oa-Tunya anauona mwala womwewu: zipupa zakuda za chigwa cha Batoka zinachokera ku kusefukira kwa nyengo yomweyo. Mulanje ndi wosiyana, pakuti mwala wake unazizirira pansi pa nthaka pang'onopang'ono n'kudzaonekera pambuyo pake.

Mapiri a Maloti ndi Drakensberg, a ku Lesotho ndi m'malire ake, ndi zotsalira za mulu umenewo, mitsinje itaudula kwa zaka mamiliyoni. N'chifukwa chake akakhala patali amaoneka ngati masitepe, kaphompho kenako kamalo kathyathyathya, kaphompho kenanso, mpaka pamwamba. Sitepe iliyonse ndi chiphalaphala cha ulendo umodzi. Malo otsika kwambiri m'dziko lonse la Lesotho ali pa mamita pafupifupi 1,400, pamwamba kuposa mzinda wa Lilongwe, ndipo nsonga ya Thabana Ntlenyana ili pa mamita 3,482, kuposa Sapitwa ndi mamita pafupifupi 500.

Basalt ndi kholo labwino la dothi. Alibe mchenga wambiri, koma ali ndi calcium, magnesium ndi ayironi, ndipo akafumbutuka amasanduka dongo logwira chakudya cha zomera. Amafumbutukanso msanga kuposa mmene kuuma kwake kumaonetsera. Mainjiniya amene ankaboola ngalande ya makilomita 45 pansi pa mapiri, kuchokera ku damu la Katse kukafika ku Muela, anapeza kuti mwala wina umene unali gwa pouboola unkayamba kung'aluka ndi kuyoyoka ukangokumana ndi mpweya ndi chinyontho, moti anachita kuimata ngalandeyo ndi konkire. Chimene chinawavutitsa pansi pa phiri ndi chomwecho chimene chimapanga timiyala pamwamba pake. Madzi amalowa m'timing'alu, usiku amaundana n'kufufuma, mwala n'kusweka tizidutswa.

Nanga ngati mwalawo ndi wachonde chonchi, dothi lake likulekeranji kuzama? Kutsetsereka ndiye gwero. Dothi likamapangika pansi, pamwamba limakhala likuchoka, kutsika ndi madzi, ndi mphepo, ndi kulemera kwake komwe, n'kukaunjikana m'tsinde mwa phiri ndi pa masitepe aja, pamene limazama mpaka mita kapena kuposa. Kuzizira nakonso kumachedwetsa ntchito. Chisanu chimaswa mwala kukhala timiyala mosavuta, koma kuti timiyalato tisungunuke kukhala dongo pamafunika kutentha ndi chinyontho kwa nthawi yaitali, ndipo kumtunda kumeneku miyezi yofunda ndi yochepa. Kuzizira komweko ndi kumene kumadetsa dothilo. Mizu ya udzu imafa chaka ndi chaka koma siiwola msanga, ndiye manyowa ake amangounjikana. Kuda kumene kumakopa maso kuja ndi udzu wa zaka mazanamazana.

Apa m'pamene ambiri amasokonezeka, chifukwa chonde ndi kuzama timaziona ngati chinthu chimodzi. Tiyeni tiwerengetsere mwachidule. Dothi labwino lakuya mita imodzi limasunga madzi okwana mamilimita pafupifupi 150 amene mizu ingathe kuyamwa. Likakhala la masentimita 20 okha, ndiye kuti mamilimita 30. Tsopano chotsanipo malo amene atengedwa ndi timiyala, poti mwala susunga madzi oti udzu umwe: ngati theka la dothilo ndi miyala, mwatsala ndi mamilimita 15. Tsiku la dzuwa ndi mphepo udzu umatha mamilimita anayi kapena asanu. Ndiye kuti mvula ikadula sabata imodzi yokha, udzu wa pamalo otere wayamba kale kumva ludzu, ngakhale chaka chimenecho mvula itagwa yochuluka. Mbali inayo ndi yoopsa kuposa. Mvula ya ku Lesotho imagwa kwambiri kuyambira Okutobala mpaka Epulo, kawirikawiri ya mabingu ndi matalala, yochuluka pa kanthawi kochepa. Kadothi kaja kamakhuta pa mphindi zowerengeka, ndipo madzi otsalawo alibe kolowera koma kuthamanga kutsika phiri. Akapeza udzu wothithikana amachedwa, ena n'kulowa m'ming'alu ya thanthwe kukatulukira ku akasupe. Akapeza poyera amanyamula dothi.

Timiyalato tili ndi mbali ziwiri. Tikakhala pamwamba timatchinga dothi kuti madontho a mvula asalimenye mwachindunji, ndipo pansi pake chinyontho chimakhalitsa. Koma malo amene ayala timiyala tokhatokha nthawi zambiri amakhala akunena za dothi limene linapita, monga mmene misere imatsalira m'lichero ufa utapetedwa. Kukokoloka kwa mtundu umenewu sikuchititsa mantha ngati zigwembe zikuluzikulu za kumunsi kwa dzikolo, ku Mafeteng ndi Mohale's Hoek, kumene dothi lake linachokera ku mwala wa mchenga ndipo limadyeka cham'kati. Kumtunda kulibe kuya koti chigwembe chikumbe. Dothi limangosendeka pang'onopang'ono. Milimita imodzi yokha ikachoka pa hekitala, ndiye kuti matani 10 kapena kuposa apita, matumba 200 a makilogalamu 50, koma diso silingaone kusiyana. Pamene sentimita imodzi ya dothi imatenga zaka mazana kuti ipangike, mbusa amene wataya chikhatho chija sadzachionanso, ngakhale zidzukulu zake.

Pali mdani wina amene ife a kumalo ofunda sitimudziwa. Usiku wopanda mitambo wa nyengo yozizira, pamalo pamene dothi lili poyera, lopanda udzu, ndipo lili ndi chinyontho, madzi a m'dothimo amakwera n'kuundana kukhala tisingano ta madzi oundana totalika masentimita angapo, toima ndondoli ngati mano a chipeso. Tisinganoto timanyamula nyenyeswa za dothi ndi timiyala pamitu pake. Dzuwa likatuluka timasungunuka, ndipo zimene tinanyamulazo zimagwera cham'munsi pang'ono kusiyana ndi pamene zinali. Usiku wotsatira zimachitikanso. Pofika Ogasiti pamwamba ponse pamakhala pofumbutuka ngati palimidwa, mphepo ya nyengoyo n'kuuluza fumbi lake, mvula yoyamba n'kudzatenga zotsala. Choipitsitsa n'chakuti tisinganoti timazula udzu wongomera kumene, mizu yake n'kuuma padzuwa. Pamene pali udzu wokhwima izi sizichitika kwenikweni, chifukwa udzuwo umafunditsa nthaka. Ndiye malo akangoyera kamodzi, chisanu chimawaletsa kuti adzichiritse okha. Kadazi kakang'ono kamene nkhosa zinayambitsa kamakula chaka ndi chaka ngakhale nkhosazo zitachoka.

Choncho nkhani yonse yagona pa udzu, ndipo udzu wake si wamtundu umodzi. Mbali ya phiri yoyang'ana kumpoto imawombedwa ndi dzuwa kwambiri, imafunda, imauma msanga, ndipo dothi lake ndi lopyapyala kuposa. Kumeneko kumamera udzu umene Basotho amati seboku, wofiirira ukakhwima, umene ziweto zimaukonda koposa. Mbali yoyang'ana kum'mwera imakhala pamthunzi, chipale chofewa chimachedwa kusungunuka, dothi ndi lozamirapo, ndipo kumachuluka udzu wolimba wotchedwa letsiri. Onani tsoka lake: udzu wokoma uli pa dothi lofooka, ndipo m'nyengo yozizira ziweto zimathamangira komweko kukaothera dzuwa.

Seboku amapirira kudyedwa, bola apatsidwe mpata. Chiweto chikadya masamba, udzuwo umatapa chakudya chimene unasunga m'tsinde ndi m'mizu kuti uphukenso. Ukadyedwanso usanabweze chimene unatapacho, ndiye kachitatu, kachinayi, mizu imafupika, tsinde limachepa, ndipo sufika pobereka njere. Nkhosa zimadya mosankha ndipo zimamweta mpaka pansi. Pamalo pamene seboku wagonja pamalowa chitsamba chachifupi cha maluwa achikasu chimene amati sehalahala. Ziweto sizichifuna chifukwa n'chowawa, ndipo nkhosa ya bere ikachidya kwambiri chifukwa cha njala, mwana wake amatha kuthothoka ubweya. Patali phiri la sehalahala limaoneka lobiriwira bwinobwino. Pafupi mupeza kuti pakati pa chitsamba ndi chitsamba pali poyera, pamene madzi amadutsa mosaletsedwa. Vutoli si ladzana. Akatswiri amene anayendera mapiriwa m'zaka za m'ma 1930, nthawi ya ulamuliro wa Britain, analemba kale za kufalikira kwa chitsambachi. Tisachinyoze kotheratu, komabe. Kumtunda kumeneku kulibe mitengo, ndipo sehalahala pamodzi ndi ndowe zouma ndizo nkhuni za mabanja ambiri. Kungoti ndowe zikathera pamoto, dothi silibwezeredwa chimene udzu unatengamo.

M'mitu ya zigwa, pamene madzi a m'mapiri amakumana, muli timadambo ta dothi lakuda la zomera zowolerana, timene Basotho amati mekhoabo. Timamwa madzi m'dzinja n'kumawatulutsa pang'onopang'ono chaka chonse, ndipo mitsinje ya Senqu, Malibamatso ndi Khubelu imayambira m'malo otere. Udzu wa m'mbali ukatha, zinthu ziwiri zimachitika pamodzi: madzi amafika padambo mwaliwiro atanyamula timiyala, ndipo ziweto zimatsikira padambopo poti mpokhapo pobiriwira. Ziboda zimaboola mkeka wa mizu, kangalande kamayamba, dambo limatsanuka madzi n'kuuma. Pouma paja pamalowa mbewa ya kumalo ozizira imene imakumba mauna ambirimbiri, ndipo maunawo amagumukira mkati.

N'kosavuta kuloza chala mbusa, ndipo malipoti akhala akutero kwa zaka pafupifupi zana: ziweto zachuluka, achepetse. Kuti zachuluka m'malo ambiri n'zoona. Koma ine ndimaona kuti mawu amenewa amadumpha funso la mmene anthu ndi ziweto zawo anafikira kumtunda kumeneku. Mapiriwa kale munkakhala Abathwa osaka nyama, ndipo Basotho a mfumu Moshoeshoe ankalima ndi kuweta m'zigwa zachonde za kumadzulo. Gawo lalikulu la zigwazo linalandidwa ndi Mabunu a ku Free State, dera limene lero lili mu South Africa, pa nkhondo, ndipo pangano la ku Aliwal North la 1869 linakhazikitsa malire amene alipo mpaka lero. Anthu atapanikizika anayamba kukwera, poyamba ndi ziweto m'dzinja mokha, kenako n'kumanga midzi. Amalonda anabweretsa msika wa ubweya, nkhosa za Merino ndi mbuzi za Angora n'kuchuluka, moti lero Lesotho ndi yachiwiri padziko lonse pa ubweya wa mbuzi wotchedwa mohair, kutsatira South Africa. Ndiye panabwera migodi. Cha m'ma 1980 amuna a ku Lesotho oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya ku South Africa, momwe muja munkapita azigogo athu kudzera ku Wenela ndi Theba. Munthu wa kumgodi ndalama zake ankazisunga mu ng'ombe ndi nkhosa, poti kumudzi kunalibe banki ina yodalirika. Migodi itayamba kuchotsa anthu m'zaka za m'ma 1990, ziweto zomwezo zinasanduka chokhacho chotsala. Kuuza bambo wotere kuti agulitse theka la nkhosa zake kuti phiri lipume kuli ngati kumuuza kuti agwetse nkhokwe yake mwezi wa Januwale.

Ndipo Basotho sanali osadziwa kusamala msipu. Mwambo wawo ndi wakuti m'dzinja ziweto zimakwera ku makola a kutali otchedwa metebo, kumene anyamata oweta, balisana, amakhala miyezi m'tinyumba ta miyala atafunda mabulangete, ndi agalu awo. Pamenepo msipu wa pafupi ndi mudzi umakhala ukukula kudikira nyengo yozizira. Mfumu inali ndi mphamvu yotseka dera kuti pasadye chiweto mpaka italengeza, ngati mmene timagonekera munda. Dera lotsekedwalo amati leboella, ndipo mwambowu unalowa m'malamulo a mfumu Lerotholi amene anayamba kulembedwa mu 1903. Uku ndiye kupumitsa kumene seboku amafuna. Zimene zaufooketsa mwambowu n'zodziwika: kukanganirana mphamvu pakati pa mafumu ndi makhonsolo, eni ziweto zambiri amene chindapusa sachiopa, ndiponso kuba ziweto, kumene kwafika poti anthu amaopa kutumiza nkhosa kutali ndipo amazisunga pafupi ndi mudzi chaka chonse. Kuyambira ku Sehlabathebe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, boma layesa kukhazikitsa magulu a eni ziweto oyang'anira dera lawolawo. Kumene maguluwo agwirizana ndi mafumu udzu umabwerera, koma amene ali kunja kwa gulu amangosamutsira ziweto zawo phiri lotsatira.

Ife tinazolowera kuti mankhwala a phiri lokokoloka ndi kudzala mitengo. Kuno ayi. Mapiriwa ndi a udzu mwachilengedwe, pamwamba pake chisanu sichilola mtengo, ndipo pa dothi la chikhatho chimodzi mtengo ulibe poika mizu. Kulima n'koipa kuposa, chifukwa pulawo imadula mkeka uja ndipo munda wotere umabereka zaka zowerengeka basi thanthwe n'kuonekera. Zimene zimathandiza n'zosadzionetsera: kuzula sehalahala n'kuiyala mopingasa phiri kuti itchinge madzi ndi kufunditsa udzu wongomera, kundandalika miyala m'mizere ngati akalozera, kufesa njere za udzu, kuletsa moto wa pa nthawi yolakwika, kuweta nkhosa zochepa koma za ubweya wa mtengo wabwino, ndipo koposa zonse kutseka dera kwa madzinja awiri kapena atatu. Chilichonse mwa izi chimafuna kuti wina ataye msipu wa chaka chino.

Wotayayo ndi mbusa, koma wopindula sali yekha. Mu 1986 Lesotho ndi South Africa anasainirana pangano lotumiza madzi a m'mapiriwa ku Gauteng, chigawo cha South Africa chimene muli Johannesburg ndi Pretoria. Damu la Katse, la chipupa chotalika mamita 185, linamangidwa pa mtsinje wa Malibamatso, ndipo kuyambira 1998 madzi akhala akudutsa pansi pa mapiri kukathira m'mitsinje yopita ku damu la Vaal. Damu la Mohale linawonjezeredwa pambuyo pake. Mbale wathu amene akutsegula mpopi ku Johannesburg kapena ku Pretoria m'mawa uno akumwa madzi amene mbali ina anasefedwa ndi mizu ya seboku ndi timadambo tija. Kuyera kwa madziwo, ndi kuti madamuwo asadzadze matope, zadalira kadothi komweko. South Africa imalipira boma la Lesotho mwezi ndi mwezi chifukwa cha madziwa. Ndalamazo zimalowa m'thumba la boma ku Maseru, ndipo mnyamata wa ku motebo amene akuuzidwa kuti asadyetse padambo saona kugwirizana kwa ndalamazo ndi nkhosa zake zoonda. Kwa ine apa m'pamene pali chilema chachikulu. Ngati udzu wa paphiri ukugwira ntchito yosunga madzi a mzinda wolemera kwambiri kum'mwera kwa Africa, woupumitsayo ayenera kulandira kanthu kooneka, m'manja mwake kapena m'gulu lake, chaka chomwecho chimene wataya msipu.

Madamuwo awonjezeranso katundu paphiri m'njira ina. Madzi a Katse ndi Mohale anamiza zigwa, ndipo m'zigwamo ndi mmene munali dothi lozama, minda, ndi msipu wobisika ku mphepo umene ziweto zinkadalira kuyambira Meyi mpaka Seputembala. Eni minda analandira chipukutamisozi, ngakhale madandaulo ake sanathe mpaka pano, koma nkhosa sizidya ndalama. Tsopano ku Mokhotlong akumanga damu lachitatu, la Polihali, pafupi ndi pamene Khubelu amathira mu Senqu. Likadzadzaza, zigwa zimene ziweto za kumeneko zimathawirako chisanu zidzakhala pansi pa madzi, ndipo ziwetozo zidzakwera kukathera nyengo yozizira pa mbali yoyang'ana kumpoto ija, pamene khasu limagunda thanthwe lisanalowe chikhatho.